Mafoni akale akamachedwa, wolira ndi mwini wake womaliza

Mu Januwale 2024, anthu a ku United States amene anali ndi mafoni akale a iPhone anayamba kulandira madola pafupifupi 92 pa foni iliyonse kuchokera ku kampani ya Apple. Ndalamazi zinali chipukuta misozi pa mlandu umene unabuka mu 2017, zitadziwika kuti kampaniyi inkachepetsa dala liwiro la mafoni ena akale kudzera m'pulogalamu yatsopano imene inkatumiza kwa eni mafoniwo, popanda kuwauza chimene pulogalamuyo ikachite.

Mgwirizano wothetsa mlanduwo unakhudza ogula a ku United States okha. Anthu amene anagula mafoni a mtundu womwewo m'misika ya ku Lusaka, Lilongwe, Harare kapena Johannesburg, nthawi zambiri atagwiritsidwa kale ntchito kunja, sanalandire kanthu. Nkhaniyi ikuonetsa chimene chimachedwetsa foni yakale, chimene makampani analakwa, ndiponso chifukwa chake ogula a m'chigawo chino ali pangozi kuposa anzawo a ku Ulaya ndi ku America.

Umboni utapezeka

Kwa zaka zambiri anthu ankadandaula kuti foni ikangolandira pulogalamu yatsopano yoiyendetsa, imene ambiri amangoitchula kuti update, imayamba kuchedwa kutseguka, kuchedwa kujambula zithunzi ndi kutha moto msanga. Ambiri ankakayikira kuti makampani amachita zimenezi pofuna kuti anthu agule mafoni atsopano, koma panalibe umboni wogwirika.

Umboni unapezeka mu Disembala 2017. John Poole, mkulu wa kampani ya Primate Labs ya ku Canada, imene imapanga pulogalamu yoyezera liwiro la mafoni yotchedwa Geekbench, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mafoni ambiri a iPhone 6s anayamba kugwira ntchito mochedwa atalandira iOS 10.2.1, ndipo a iPhone 7 anachita chimodzimodzi atalandira iOS 11.2. Pa 20 Disembala kampani ya Apple inavomera.

Kampaniyi inafotokoza kuti gwero la vutoli linali batire. Batire la mtundu wa lithium-ion limafooka likamatchajidwa mobwerezabwereza. Malinga ndi Apple, batire la mafoni a nthawi imeneyo linapangidwa kuti lizisunga 80 peresenti ya mphamvu zake likatchajidwa maulendo 500. Batire likakalamba, limalephera kupereka moto wochuluka panthawi imodzi pamene foni ikugwira ntchito yolemera, makamaka kukazizira kapena moto ukatsala pang'ono, ndipo foni imangozima mwadzidzidzi. Pofuna kuletsa kuzimako, mu Januwale 2017 Apple inaika m'pulogalamu yake njira yochepetsera liwiro la foni batire likafooka.

Mlandu unali kubisa

Kuchepetsa liwiro kuti foni isazime si chinthu chopanda nzeru. Cholakwika chinali chakuti mwini foni sanauzidwe. Munthu amene foni yake inkachedwa ankaganiza kuti yatha ntchito, n'kukagula ina ya madola mazanamazana, pamene kusintha batire kokha, komwe mtengo wake unali madola 79, kukanabwezeretsa liwiro lake.

Pa 28 Disembala 2017 Apple inapepesa ndi kutsitsa mtengo wosinthira batire kufika pa madola 29 kwa chaka chonse cha 2018. Mu Marichi 2018 inatulutsa iOS 11.3, imene imaonetsa mmene batire lilili ndi kulola mwini foni kuzimitsa njira yochepetsa liwiroyo. Zotsatira zake zinaoneka pa malonda. Mu Januwale 2019 Tim Cook, mkulu wa kampaniyi pa nthawiyo, polembera eni masheya, anatchula kutsika kwa mtengo wa mabatire ngati chimodzi mwa zifukwa zimene anthu ochepa anagulira mafoni atsopano. Anthu atadziwa choonadi, ambiri anasankha kukonzetsa.

Maboma nawo anachitapo kanthu. Mu Okutobala 2018 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Italy linalamula Apple kulipira chindapusa cha mayuro 10 miliyoni, ndi Samsung mayuro 5 miliyoni chifukwa cholimbikitsa eni mafoni a Galaxy Note 4 kuika pulogalamu ya Android Marshmallow imene inadzetsa mavuto pa mafoniwo. Samsung inakana kuti inachepetsapo dala mphamvu za mafoni ake. Mu Febuluwale 2020 dziko la France linalipitsa Apple mayuro 25 miliyoni. Ngakhale kuti France ili ndi lamulo la 2015 loletsa kufupikitsa dala moyo wa katundu, chindapusacho chinali cha mlandu wosocheretsa ogula powabisira zofunika kudziwa.

Ku United States, mu Marichi 2020 Apple inavomera kulipira ndalama zosapitirira madola 500 miliyoni kwa ogula, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inavomera kulipira madola 113 miliyoni ku maboma a zigawo zoposa 30 za dzikolo. M'migwirizano yonseyi kampaniyi sinavomere kuti inaphwanya lamulo.

Si batire lokha

Pali zifukwa zinanso zimene foni yakale imachedwera, ndipo zimenezi zimakhudza kwambiri mafoni otsika mtengo a Android amene afala kum'mwera ndi pakati pa Africa. Pulogalamu yatsopano iliyonse imalembedwa poganizira mafoni atsopano, okhala ndi purosesa yothamanga ndi malo ambiri osungira zinthu. Mapulogalamu monga Facebook ndi WhatsApp nawo amakula chaka ndi chaka. Foni imene inali yokwanira pogulidwa imapezeka ikusenza katundu woposa msinkhu wake.

Kampani ya Google itayambitsa Android Go, yopangidwira mafoni otsika mtengo, inkalozera mafoni okhala ndi RAM ya 1GB kapena kucheperapo. Pofika mu 2022, Android 13 Go inkafuna RAM yosachepera 2GB. Mafoni a 1GB amene anagulitsidwa m'zaka za m'mbuyomo anatsalira.

Mwini foni sangathawe vutoli pongokana update. Mapulogalamu atsopano ndi amene amatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera, ndipo foni ikatsalira kwambiri, mapulogalamu ena amasiya kugwira ntchito. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android akale kuposa 5.0, ndipo mu 2025 inasiya pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus. Kwa munthu amene amalandira makasitomala, mitengo ya mbewu ndi uthenga wa abale a ku Joni kapena ku Britain kudzera pa foni yomweyo, kusankha kuli pakati pa foni yochedwa ndi foni yosatetezedwa.

Vutoli silinathe ndi Apple. Mu Januwale 2025 Google inatumiza pulogalamu imene inachepetsa mphamvu ya batire pa mafoni ena a Pixel 4a. Ulendo uno kampani inachenjezeratu ndi kulonjeza batire latsopano laulere kapena ndalama, koma chifukwa chake, choti batire likhoza kutentha mopitirira muyezo, chinamveka bwino mu Marichi 2025 pamene bungwe loteteza ogula ku Australia linachenjeza anthu za mafoniwo.

Malamulo a ku Ulaya, msika wa kuno

Bungwe la European Union lasankha kumanga malamulo m'malo modikira milandu. Kuyambira pa 20 Juni 2025, foni yatsopano yolowa pa msika wa maiko a m'bungweli iyenera kukhala ndi batire losunga 80 peresenti ya mphamvu zake litatchajidwa maulendo 800. Wopanga ayenera kupereka mapulogalamu okonzedwanso kwa zaka zosachepera 5, ndi zipangizo zosinthira kwa zaka 7, kuwerengera pamene mtundu wa foniyo wasiya kugulitsidwa. Makampani akuluakulu anali atayamba kale kusintha: Google inalonjeza zaka 7 za mapulogalamu pa Pixel 8 mu 2023, ndipo Samsung inachita chimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024.

Mafoni amenewa ndi okwera mtengo, ndipo malamulo a ku Ulaya samanga wogulitsa foni ku Blantyre, Chipata kapena Tete. Wogula wa kuno kawirikawiri sauzidwa kuti foni yake idzalandira mapulogalamu kwa zaka zingati, ndipo wogula foni yogwiritsidwa kale ntchito sadziwa msinkhu wa batire lake. Ngakhale ku South Africa, kumene lamulo loteteza ogula la 2008 limalola kubweza katundu wolakwika, chilolezocho ndi cha miyezi 6, pamene batire limayamba kufooka patapita chaka chimodzi kapena ziwiri.

Foni yotayidwa isanathe ntchito imasiyanso vuto lina. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo mu Africa zosakwana 1 peresenti ya zinyalala zotere ndi zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maiko a m'chigawo chino ali ndi mabungwe oteteza ogula, ndipo bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda ndi ufulu wa ogula lili ndi likulu lake ku Lilongwe. Dziko limodzi palokha lili ndi msika wochepa woti kampani yaikulu ingauope, koma maiko akayankhula pamodzi akhoza kulamula zinthu zitatu zosavuta: kuti pa bokosi la foni palembedwe zaka zimene idzalandira mapulogalamu, kuti wogulitsa foni yakale aziulula mmene batire lilili, ndi kuti mabatire enieni azipezeka kwa amisiri okonza mafoni m'misika.

Podikira zimenezo, phunziro la 2017 likadali lothandiza kwa mwini foni aliyense. Foni ikayamba kuchedwa, ndi bwino kuyamba wayezetsa batire ndi kuchotsamo zithunzi ndi mavidiyo odzaza malo, asanaganize zogula ina.