Wodwazika Matenda Naye Afuna Womusamala

Kuno ku Thyolo palibe chimwemwe choposa cha banja limene mwana wake wasankhidwa kukaphunzira unamwino. Mayi amene wakhala zaka zambiri akuthyola tiyi ku Satemwa, ku Conforzi kapena ku Naming'omba, dengu lili kumsana, amaona kuti thukuta lake labala zipatso. Ana athu ena ali ku koleji ya Malamulo ku Makwasa, ena ku Mulanje Mission, enanso ku Kamuzu University of Health Sciences. Koma kodi timadziwa katundu amene anawa amasenza mumtima?

Ophunzira otere sakhala m'kalasi mokha ayi. Mbali yaikulu ya maphunziro awo imachitikira m'mawodi, pambali pa bedi la wodwala. Tsono pakagwa mliri, iwonso amakhala pamoto pomwepo.

Tikumbukire za Covid-19. Sukulu ndi makoleji zidatsekedwa mu Malichi 2020, ndipo odwala oyamba m'Malawi adapezeka pa 2 Epulo chaka chomwecho. M'mwezi womwewo anamwino ndi madokotala adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Ena adasalidwa m'maminibasi, poti anthu ankaopa kuti awapatsira matenda. Makoleji atatsegulidwanso, ophunzira adabwerera kumawodi, ndipo mliri udafika pachimake mu Januwale 2021, pamene nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Katemera adafika mu Malichi 2021. Tisadapume, kolera idabuka mu 2022, nipha anthu oposa 1,700, ndipo namondwe Freddy adasakaza chigawo chathu chino mu Malichi 2023.

Taganizani tsono za mtsikana wa zaka makumi awiri amene adaona munthu akubanika kusowa mpweya, achibale ake ali kunja kwa mpanda. Usiku ankaopa kutengera matenda kwa agogo ake, ndipo mayeso anali kumudikira. Chilonda chotere sichituluka magazi, koma chimapweteka zaka zambiri. Zizindikiro zake ndi kusowa tulo, maloto oopsa, kusafuna chakudya, kupsa mtima msanga, kudzipatula, kudziimba mlandu pa imfa imene sakadatha kuiletsa, mwinanso kuyamba mowa.

Chomvetsa chisoni nchakuti mwana wotere amakhala chete akafika kwathu. Adziwa kuti fizi yake idachokera m'munda wa tiyi, ndi kuti abale onse akuyang'ana kwa iye. Akayesa kudandaula, ife timamuyankha msanga kuti, "Walira mvula walira matope." Ena timati chikhulupiriro chake chachepa. Abale anga, kutopa kwa maganizo si tchimo, ndiponso si ufiti. Mneneri Eliya, atalefuka m'chipululu mpaka kupempha imfa, sadadzudzulidwe. Mngelo adayamba wampatsa chakudya ndi madzi, namlola kugona. Werengani 1 Mafumu 19.

Nanga tichitenji? Choyamba, mwana akabwera patchuthi, tisathamangire kumuonetsa odwala onse a m'mudzi ngati kuti ndi dokotala wamkulu. Apume. Chachiwiri, timfunse modekha kuti, "Mwanawe, waona zotani kumeneko?" ndipo timvetsere osamdula mawu. Sayenera kutchula maina a odwala, pakuti ntchito yake imaletsa zimenezo, koma za mumtima mwake anene momasuka. Chachitatu, zizindikiro zija zikapitirira milungu iwiri, kapena akayamba kunena zakuti moyo ulibe phindu, tisazengereze. Timperekeze kwa a zaumoyo wa maganizo kuchipatala cha boma. Matenda akakula, kuli chipatala cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pemphero ndi chipatala sizitsutsana.

Ndipo inu achinyamata amene muli pa maphunzirowa, musabisale m'yunifolomu yanu yoyera. Uzani mnzanu wokhulupirika, mphunzitsi wanu kapena abusa. Muziyang'anirana, pakuti amene mumagona naye chipinda chimodzi ndiye amayamba kuona kuti simukugona.

Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, komabe miliri ina idzabwera. Amvano, madoda ndi akulu a mpingo, pamene tiyendera odwala m'chipatala, tipatsenso moni mwana amene waimirira pambali pa bedi, ndi kumfunsa ngati wadya.