Madzi akapita, zimitsani giza

June akangolowa, mphepo yozizira n'kuyamba kutsika m'phiri la Kanjala m'bandakucha, apulambala a mu Chipata amadya bwino. Foni siikhala chete: giza yafa, ana akukana kusamba, bambo apita kuntchito atangosukusula kumaso. Oimba mafoniwo amakhala ataweruza kale kuti magiza a masiku ano ndi achinyengo. Ine ndikukana. Magiza ambiri kuno timawapha tokha, ndipo gwero lake ndi limodzi: madzi ndi malaiti sizifika nthawi imodzi.

Ku Britain ndi mayiko ena ozizira, nyumba imakhala ndi chowiritsira madzi chimene chimakankha madzi otentha m'mapaipi ozungulira zipinda zonse kuti zifunde. Ife zimenezo sitizifuna. Kuzizira kwathu n'kwa miyezi iwiri kapena itatu, bulangete ndi juzi zimakwana. Nkhawa yathu ndi madzi osamba basi.

M'kati mwa giza muli chitsulo chotenthetsera madzi, elementi, kawirikawiri ya 2 kW kapena 3 kW. Anaipanga kuti izikhala yomira nthawi zonse, pakuti madziwo ndiwo amaiteteza kuti isatenthe mopitirira. Tsono taganizani pompi wauma kuyambira m'mawa. A m'nyumba akhetsa otsala a m'giza kuti atsukire mbale, kapena madziwo abwerera okha m'paipi chifukwa valavu yowatsekereza inatha kalekale. Pakati pa usiku malaiti abwera, elementi yayaka pouma, ndipo m'mphindi zochepa yapsa. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inafika pozimitsa malaiti maola 21 pa tsiku, ndipo nthawi zambiri ankabwera anthu ali m'tulo. Mapampu okankha madzi a ku damu la Lutembwe, ngakhalenso pampu ya pachitsime chanu chomwe, nawonso amadikira malaiti omwewo. Ndiye malaiti amatsogola, madzi n'kubwera pambuyo. Kampata kameneko ndiko kamadya maelementi.

Mankhwala ake salira ndalama. Pompi akauma, tsitsani buleka ya giza. Madzi akabwera, tsegulani pompi wa madzi otentha mpaka asiye kutsokomola ndi kulavula mpweya, atuluke bwinobwino, kenako muyatse.

Ngati madzi ali zii, musathamangire kusitolo. Yambani mwaona pabokosi la mabuleka, ndi switchi ya pakhoma imene mwana angathe kuzimitsa posewera. Ngati zonse zili bwino, vuto lili pa thermostat (kachipangizo kozimitsa elementi madzi akatentha mokwanira) kapena pa elementi, ndipo munthu wodziwa za malaiti amapima ziwirizi ndi mita yake nthawi yosakwana ndi kuphika nsima komwe. Zonse ziwiri zimagulitsidwa pazokha. Amene angakuuzeni kuti mugule giza yatsopano asanapime n'komwe, mufunseni bwino ngati alibe m'bale wake wogulitsa magiza. Buleka ikamagwa nthawi iliyonse mukayatsa giza, kawirikawiri ndiye kuti elementi yang'aluka ndipo moto ukuthawira m'madzi. Pamenepo musalimbane nayo buleka, ikukupulumutsani. Madzi akamachedwa kutentha, kapena giza ikamalira ngati ketulo, makamaka kwa omwe amamwa a pachitsime, ndiye kuti zoyera zija zimamatirira m'ketulo zakuta elementi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiopsa kuposa zonse. Giza iliyonse yolandira madzi amphamvu imakhala ndi kapaipi kotulukira panja kamene kamadontha. Madzi akatentha amafufuma, ndipo valavu imataya pang'ono kuti thanki isaphulike. Kudontha pang'ono pomwe giza ikutenthetsa si vuto. Madzi akamachucha osalekeza, valavu yatha, isinthidwe. Koma pali anzathu ena, poipidwa ndi matope pakhoma, amatseka kapaipiko ndi chitsekerero kapena kukamanga ndi mphira. Abale anga, kumeneko n'kuika bomba pamwamba pa chipinda chogona ana. Thermostat ikadzakanika kuzimitsa, madzi n'kuwira, nthunzi idzatulukira kuti? Mukaona pompi akutulutsa nthunzi, zimitsani giza nthawi yomweyo.

Za mayuniti a malaiti nazonso tiuzane zoona. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 15 kufika pa 60 kumadya mayuniti pafupifupi 8, ndipo elementi ya 3 kW imafuna maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Choncho malaiti akakhala maola awiri okha, madzi ofunda chabe si chizindikiro chakuti china chawonongeka. Ena potchinjiriza mayuniti amatsitsa thermostat kwambiri. Isiyeni pa 60, chifukwa m'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo choopsa. Ngati mukufuna kupulumutsa ndalama, kutani mapaipi a madzi otentha kuti asamazizire msanga, ndipo konzani pompi wodontha.

Magiza oyendera dzuwa achuluka pamadenga, ndipo dzuwa kuno silisowa. Koma nawonso ali ndi mwambo wake. Machubu awo agalasi akakhala opanda madzi masana amatentha koopsa, ndipo mukawathira madzi ozizira mwadzidzidzi amasweka. Adzazeni m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Masiku a mitambo ndi mwera m'July madzi sadzatentha ngati mu October, musamunamizire amene anakuikirani.

Ambiri a ku Kapata, Mchini ndi Navutika adzati nkhaniyi ndi ya a ku Kalongwezi, ife madzi timatenthetsa pambaula. Zoona, koma mbaula nayo ili ndi lamulo lake: makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Tenthetsani madzi panja, ndipo musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji.

Kwa eni nyumba za lendi, amene mumakangana ndi alendi anu chaka ndi chaka za yemwe alipire elementi: ikani valavu yoletsa madzi kubwerera, lembani dzina pa buleka ya giza kuti aliyense aidziwe, ndipo mlendi watsopano mumuonetse pomwe ili tsiku lomwe mukumupatsa makiyi.