Ufulu wa India tiuyeze ndi njala ya ku Bengal

Chaka chilichonse pa 15 Ogasiti nduna yaikulu ya India imakweza mbendera pa linga la Red Fort mumzinda wa Delhi, pokumbukira tsiku la mu 1947 limene Angerezi anasiya dzikolo m'manja mwa eni ake. Mwambowu ndi wokongola, koma mbendera ndi nsalu chabe, singatiuze chimene anthu anapindula. Wofuna kudziwa kulemera kwa ufulu wa Amwenye ayambe wafunsa kuti: m'masiku a atsamunda, wolamulira akalakwitsa anthu n'kufa, ankamuimba mlandu ndani? Panalibe womuimba mlandu, ndipo zoipa zambiri za ulamulirowo zinaphuka pa muzu umenewu.

Mu 1943 njala inapha anthu pafupifupi 3 miliyoni m'chigawo cha Bengal. Amartya Sen, katswiri wa zachuma amene anaona njalayo ndi maso ake ali mwana wa zaka 9, anadzasonyeza atakula kuti chimene chinapha anthu si kuchepa kwa mpunga kokha ayi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inakweza mitengo, chakudya chinkapita kwa asilikali ndi kwa ogwira ntchito za nkhondo mumzinda wa Calcutta, pamene aganyu ndi asodzi a kumidzi ankangouyang'ana mpungawo pamsika alibe chogulira. Boma linali litalandanso mabwato a m'mphepete mwa nyanja poopa kuti Ajapani angawolokere, motero msodzi anataya poyambira ndipo malonda a pamadzi anaima. Ku London, boma la Winston Churchill linazengereza kupereka sitima zokwanira zonyamula tirigu. Inde, Bengal inali ndi nduna zake zosankhidwa ndi anthu ochepa amene ankaloledwa kuvota, koma sitima, nkhondo ndi mawu omaliza zinali m'manja mwa anthu amene mpando wawo sukanagwedezeka ndi maliro a ku Bengal. Churchill ankaopa ovota a ku Britain, osati mayi wogona m'mbali mwa msewu ku Calcutta.

Chilala sichinachoke ndi Angerezi. Chinagwa ku Bihar mu 1966 ndi 1967, chinagwanso koopsa ku Maharashtra kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anthu anavutika, ziweto zinafa, koma maliro a mamiliyoni sanaonekenso. Ku Maharashtra boma linalemba anthu miyandamiyanda ntchito zokonza misewu ndi madamu kuti apeze ndalama zogulira chakudya. Sindikhulupirira kuti andale a ku India anali a mtima wabwino kuposa Angerezi. Kusiyana kwake n'kwakuti nyuzipepala zinkalemba, aphungu otsutsa ankafuula m'nyumba ya malamulo, ndipo wanjala aliyense anali ndi voti m'dzanja.

Za ku Amritsar zikuphunzitsa zomwezo. Pa 13 Epulo 1919 mkulu wa asilikali Reginald Dyer analamula anyamata ake kuwombera khamu lopanda zida m'bwalo la Jallianwala Bagh mumzindawo, lotchingidwa ndi makoma, lolowera potulukira pomwepo. Boma linavomereza kuti anafa anthu 379. Amwenye amati anali ochuluka kuposa pamenepo. Dyer anachotsedwa pa udindo, koma sanaimepo pa bwalo la milandu, ndipo nyuzipepala ya Morning Post ku London inamusonkhera mapaundi oposa 26,000. Mmalawi amene amakumbukira za kuwomberedwa kwa anthu ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959 sasowa womumasulira nkhaniyi.

Ena amati tisamaiwale njanji, makhoti ndi Chingerezi zimene atsamunda anasiya. N'zoona, sitima yoyamba ya pamtunda yonyamula anthu inayenda kuchoka ku Bombay kupita ku Thane mu 1853, ndipo njanjizo zikugwirabe ntchito. Koma makampani a ku Britain amene anazimanga analonjezedwa phindu la ndalama pafupifupi 5 pa 100 iliyonse, zivute zitani, ndipo zikaperewera ankalipira ndi wokhoma msonkho wa ku India. Wogula chinthu ndi ndalama zake samauzidwa kuti athokoze ngati wapatsidwa mphatso. Komanso patatha zaka 190 kuchokera pa nkhondo ya ku Plassey mu 1757, imene inayambitsa ulamuliro wawo, Angerezi anasiya dziko limene munthu wamba ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 32, ndipo kalembera wa mu 1951 anapeza kuti odziwa kuwerenga sankafika ngakhale 1 mwa anthu 5.

Chitsutso cholemera kuposa ichi n'chakuti ufuluwo sunathetse mavuto. Unabwera ndi kugawidwa kwa dziko kuti pabadwe Pakistan, anthu pafupifupi 15 miliyoni n'kuthawa kwawo, zikwi mazanamazana n'kuphana okhaokha. Lero lino ana ambiri ku India akupinimbirabe chifukwa chosowa zakudya, ndipo a Dalit, anthu oonedwa ngati otsika kuposa onse, akusalidwabe ngakhale malamulo a dziko a mu 1950, amene B. R. Ambedkar anatsogolera kulemba, analetsa mchitidwewo. Pali andale amene amakonda kutchula atsamunda pofuna kuti anthu asaone zolephera zawo. Zonsezi sindikuzikana. Koma kukumbukira atsamunda moona mtima si kusunga chakukhosi ndi mzungu amene anapita kale. N'kuzindikira maonekedwe a ulamuliro wosayankha kwa anthu, kuti ukabweranso utavala khungu la kwanu uuzindikire msanga. Wandale amene amalira za Dyer uku akutsekera atolankhani m'ndende sanamvetse chimene akulira.

Amwenye anayesedwa kale pa nkhaniyi. Mu Juni 1975 nduna yaikulu Indira Gandhi, mwana wa nduna yaikulu yoyamba Jawaharlal Nehru weniweni, analengeza kuti dziko lili pa ngozi, anamanga otsutsa, natseka pakamwa nyuzipepala kwa miyezi 21. Ataitanitsa chisankho cha mu Malichi 1977, ovota, ambiri a iwo alimi osauka osadziwa kulemba dzina lawo, anagwetsa chipani chake cha Congress, ndipo iye mwini anataya mpando wake wa Rae Bareli. Anthu a ku Bengal mu 1943 analibe njira yochitira zimenezi kwa Churchill.