Nambala ya pa dashibodi ndi malita a m'thanki

Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kuyambana ndi aphunzitsi anzanga atatu chifukwa cha nambala yomwe imawala pa dashibodi ya galimoto yanga. Ndi ka Vitz ka 2012 komwe ndinagula ndi ngongole ya ku SACCO. Malipiro akalowa timakwera anthu anayi kupita ku boma, ndipo tinagwirizana kuti ndalama ya petulo tizigawana mofanana. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 120. Kakompyuta ka m'galimotomo kamaonetsa kuti imayenda makilomita 17 pa lita, ndiye anzangawo anawerengera kuti ulendowu umadya malita 7. Koma ine ndinkaona kuti ndikathira malita 7 amenewo, geji sibwerera pomwe inali. Nditapempha kuti tiziwonjezerako pang'ono, mmodzi anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mwayamba kutibwezetsa ife ngongole yanu?"

Mawuwa anandiwawa, koma ndinalibe poyankhira. Nambala inali kumbali yawo. Choipa china n'chakuti ndinali nditayamba kale kukayikira mnyamata wothira mafuta pa malo ena omwetsera, mpaka tsiku lina ndinamuyankhula mosayenera, ndikuganiza kuti amandibera.

Ndimaphunzitsa masamu, choncho ndinachita zomwe ndimauza ana a Fomu 2: usakangane ndi yankho, yamba waona njira yomwe lapezekera. Kakompyuta kaja sikasuzumira m'thanki. Kamawerenga nthawi yomwe timabomba tomwaza petulo mu injini, tomwe amakaniko amati ma injector, takhala totsegula, n'kuyerekeza kuti m'nthawi imeneyo mwadutsa mafuta ochuluka bwanji. Mtunda kamautenga pa kuzungulira kwa mawilo. Kenako kamagawa. Ndiye ngati timabombato tatha kapena tada, moti sitikutulutsa monga momwe tinkachitira tili tatsopano, yankho limapotoka ngakhale kugawako kuli kolondola.

Njira yoyesera ndi yakale ndipo imangofuna kope ndi cholembera. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, lembani nambala ya makilomita, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso, makamaka pa pampu yomweyo, ndipo mugawe makilomita omwe mwayenda ndi malita omwe alowa. Kamodzi sikokwanira, chifukwa pampu sidula pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ndikudziwa kuti kudzaza thanki ndi nkhani ina kwa mphunzitsi, makamaka mafuta akamasowa n'kumapatsidwa mopimira pamzere, koma ndinapirira mpaka ndinadzaza kanayi. Pa makilomita 1,010 munalowa malita 65. Gawani nokha: 15.5, pomwe dashibodi inkanenabe 17.

Kusiyana kumeneku sikunafotokoze zonse. Chachiwiri chinali cholakwa changa. Chigulireni galimotoyi sindinafufutepo nambala ija kuti iyambirenso, ndiye 17 anali avereji ya maulendo onse, kuphatikizapo omwe ndinayenda ndekha pa tala wa M1 popanda katundu. Ulendo wa ku boma ndi wina. Theka lake ndi msewu wafumbi wa mabampu womwe umafuna kuyenda pang'onopang'ono, m'galimoto muli akuluakulu anayi, ndipo pobwera kumbuyo kumakhala matumba a feteleza kapena simenti ya wina. Tikafika ku banki, amene watsala m'galimoto amafuna injini izilira kuti ayatse AC. Injini yolira galimoto itaima imamwa mafuta pa makilomita ziro. Nditayesa ulendo wokhawo, unadya malita 8.5.

Pali msampha wina womwe unakola ngakhale mnzanga wa sayansi. Iye anati popita, poti n'kotsetsereka, dashibodi imafika 20, pobwera imagwa mpaka 10, ndiye pakati pake ndi 15. Ayi. Tengani makilomita 60 pa 20, ndi malita 3. Makilomita 60 pa 10 ndi malita 6. Onse pamodzi malita 9 pa makilomita 120, zomwe ndi 13.3. Mbali yomwe galimoto imamwa kwambiri imalemera koposa pa sikelo. Funso limeneli ndinalipereka m'kalasi ndipo ana awiri okha ndi omwe sanalembe 15.

Nanga nambala yomwe ogulitsa magalimoto amatiuza? Yanga anati imapitirira makilomita 20 pa lita, ndipo sananame, chifukwa ndi zomwe zinalembedwa ku Japan. Koma nambala imeneyo inapezeka m'nyumba yoyesera, galimoto itaima pa mipukutu yozungulira, AC atazimitsa. Muyeso womwe ankagwiritsa ntchito zaka zimenezo umatchedwa JC08. Umatenga pafupifupi mphindi 20, liwiro lake la pakatikati ndi makilomita 24 pa ola, ndipo ngakhale pothamanga kwambiri sufika 85. Mulibe chitunda, mulibe mchenga, mulibe thumba la chimanga. A ku Japan eni ake anaona kuti muyesowu ukutalikirana ndi za pamsewu, ndipo kuyambira 2018 anasamukira ku wina wotchedwa WLTC, womwe umapatula nambala ya m'tauni, ya kunja kwa tauni ndi ya pamsewu waukulu.

Nthawi zina nambala ya papepala imakhala yabodza ndithu. Mu April 2016 kampani ya Mitsubishi inavomera kuti inakometsera manambala a kamwedwe ka mafuta pa timagalimoto tating'ono pafupifupi 625,000, kuphatikizapo eK Wagon ndi Dayz yomwe inkapangira Nissan. Omwe anatulukira vutoli ndi a Nissan, atayesa okha n'kuona kuti sizikugwirizana. Timagalimoto ta mtundu umenewu tafika kale m'misewu yathu.

Kuno kwathu palinso nkhani ya mafuta enieniwo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo dziko lino linayamba zimenezi mu 1982. N'chinthu chabwino pa ndalama zakunja, koma lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Choncho petulo wosakaniza amayendetsa mtunda wocheperako pang'ono. Za mafuta a m'zigubu omwe timagula m'mbali mwa msewu zinthu zikavuta, sindinenapo zambiri. Lita ya m'botolo amaidziwa ndi mwini botolo.

Matayala nawo ali ndi mbali yawo, ndipo apa galimoto yanga ndinaipeza yosalakwa. Chifukwa cha msewu wathu ndinachotsa a 165/70 R14 n'kuika a 185/70 R14 kuti ikwereko pang'ono. Tayala lalikululi likazungulira kamodzi limayenda mtunda wotalikirapo ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse, koma galimoto sidziwa kuti ndinasintha. Ikalemba makilomita 120, kwenikweni tayenda pafupifupi 126. Ndinatsimikiza ndi GPS ya pafoni. Izi sizisintha malita omwe ndimalipira, koma zikusonyeza kuti ngakhale kope langa lija linali ndi kokhota kwake.

Nambala yomwe ndasiyiratu kuikhulupirira ndi ija yonena makilomita otsala mafuta asanathe. Imadalira momwe mwayendera posachedwapa, ndiye mukachoka pa tala n'kulowa m'fumbi imatsika mofulumira kuposa mtunda womwe mukuyenda. Kuno komwe malo omwetsera mafuta apafupi ali pa makilomita 40, ndipo mwina mukapeza alibe, geji ikafika pa kota ndimayamba kufunsa komwe kwafika thankala.

Kope lija ndinalitengera ku stafurumu nthawi ya tiyi. Anzanga analiyang'ana, wa sayansi anabwereza masamu onse pa foni yake, ndipo tinagwirizana pa malita 8.5, kupatula tsiku lomwe wina wanyamula simenti, pamene mwini simentiyo amawonjezera. Amene ananena za ngongole uja anangoti ndikanabweretsa kopelo poyamba pomwe. Kwa mnyamata wothira mafuta ndinapita Loweruka lapitali kukapepesa. Anali ataiwala kale nkhaniyo, ndipo anangondifunsa kuti athire a zingati.