Maploti tagula, manje mthunzi uli kuti?

Pa Chibelu ninali ku kitchen party ku Silverest. Nyumba yabwino maningi, koma yadi yonse ni simenti, mtengo olo umodzi kulibe. Tinapsa mu tenti monga nkhuku za pa mbaula.

Thukuta ija inanikumbutsa Frederick Law Olmsted wa ku America. Mdala uyu poyamba anali mlimi, pambuyo mtolankhani monga ine. Mu 1858, iye na Calvert Vaux anawina mpikisano wokonza Central Park ku New York. Ija paki muona mu mafilimu siinamere yeka iyai. Bantu anakumba madamu, kuphwanya myala na kushanga mitengo pa mahekitala opitilira 300, kuti wolemera na wosauka azipumulira pamodzi. Mwine anafa mu 1903, mthunzi ukalipo.

Ise kuno ku Chongwe? Mumbali mwa Great East Road monse ni maploti. Misuku tidula tikalibe na kugula njerwa. Imwe ogulitsa malo, bana bazachaya kuti bola, pa mseu?

Yanga ploti nikalibe kusiliza kulipira, koma mango ziwili nashanga kale.