Za M'nyumba ya Mkhristu: Kamvedwe ka Nyimbo za M'makina

Pa 22 Novembala Eklezia akumbukira Cecilia Woyera, virgo ndi martiri wa ku Roma, amene ali nkhoswe ya oimba onse. Chifukwa chake tayesa kuti nkoyenera mwezi uno ticheze nanu za nyimbo zimene zilowa m'nyumba mwathu ndi makina, ndiwo wailesi, sipika, ndi lamya ya m'manja pamodzi ndi kakhadi kake kosunga nyimbo mazanamazana.

M'chaka cha 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba ogwira mawu ndi kuwabwezanso, ndipo mu 1887 Emile Berliner anatulukira galamafoni yoimba ndi mbale. Mbale zakale zija zinkazungulira ka 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatha pa mphindi zitatu kapena zinayi zokha. Mwini wake ankapukusa ndi dzanja, nasintha singano kawirikawiri, nagwira mbale ngati dzira, pakuti ikagwa inkasweka. Tsono poti nyimbo inali yaifupi ndi yamtengo, anthu ankakhala chete kuti liwu ngakhale limodzi lingawapite. Mbale zoimba nthawi yaitali zinafika mu 1948, kaseti mu 1963, ndipo lero nyimbo zachuluka ngati mchenga wa kunyanja. Koma taonani: wailesi ilira kuyambira mbandakucha kufikira usiku, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene aitchera khutu. Nyimbo ikoma kwa womvetsera yekha. Nazi tsono zinthu zisanu zimene tipempha makolo kuti azisunge.

Choyamba, ipatseni nthawi yake. Nyimbo ili ngati mlendo. Kodi mlendo timlonjera tilikutsuka mbale? Sankhani madzulo mutatha kudya nsima, kapena masana a tsiku la Mulungu mutabwera ku Misa. Khalani pamodzi pamphasa, mumve nyimbo zitatu kapena zinayi, osapitirira. Asankhe bambo, asankhe mayi, asankhenso mwana ndi agogo, yense pa tsiku lake. Nyimbo ikayamba ilekeni ithe, musaidule pakati. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachiwiri, konzani malo. Sipika musaiike pansi kapena pangodya ya nyumba, pakuti pamenepo mawu aakulu a ng'oma achuluka, naphimba mawu a oimba. Muiike patebulo, molingana ndi makutu a anthu okhala pansi, ndi kuipenyetsa kwa iwo. M'nyumba ya simenti ndi malata mawu abwerezabwereza. Mphasa pansi ndi nsalu pazenera zithandiza kuwafewetsa.

Chachitatu, musakweze mawu. M'kati mwa khutu Mlengi anaikamo tiubweya tosaoneka ndi maso timene tilandira mawu, ndipo phokoso likatipha sitimeranso. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lichenjeza kuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva mawu a muyeso wa madesibelo 80, ndi kuti phokoso likakula nthawiyo ichepa msanga. Muyeso wa kumudzi ndi uwu: ngati muyenera kufuula kuti mnzanu wokhala pafupi akumveni, mwakweza. Yang'anirani makamaka anyamata ndi atsikana amene atseka makutu ndi timawaya ta lamya tsiku lonse. Iwo awononga makutu ali ana, ndiponso akhala ngati alendo pakati pa abale awo. Kumbukiraninso wodwala ndi khanda m'nyumba yoyandikana nanu. Kuwasowetsa tulo nkulakwira chikondi.

Chachinayi, yesani mawu a nyimbo. Sitinena kuti Mkhristu azimva za m'tchalitchi zokha, iai. Nyimbo za ukwati, za ntchito ndi za chisangalalo choyenera zili mphatso ya Mulungu. Koma ilipo ina yokoma ng'oma, imene mawu ake atukwana akazi, natama kuledzera ndi chigololo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana aloweza mawu asanadziwe tanthauzo lake, ndipo chimene aloweza lero adzachiyesa chabwino mawa. Ngati simungathe kunena mawu a nyimbo pamaso pa apongozi anu, muichotse pakakhadi.

Chachisanu, chimene chiposa zonse, phunzirani kumva ndi nzeru, kuti inunso muimbe. Tengani chitsanzo cha Missa Luba, imene Bambo Guido Haazen wa chipani cha Francisko Woyera anajambulitsa ndi anyamata a ku Kamina m'dziko la Congo mu 1958: mawu a Misa m'Chilatini, koma maimbidwe ndi ng'oma za anthu akomweko. Muimve katatu. Poyamba tsatani wotsogola yekha, kachiwiri ovomera, kachitatu ng'oma. Mudzazizwa kupeza zambiri zimene zinakupitani. Chitani chimodzimodzi ndi nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka, kapena za kwaya ya parishi yanu. Pambuyo pake zimitsani makina, amayi atsogole, ana avomere, abambo agwire mawu a pansi. Pemphaninso agogo akuimbireni za pamtondo ndi za m'nthano, pakuti zambiri za izo sizili pa kakhadi kalikonse, ndipo iwo akapita zidzapita nawo.

Makina aimba bwino, koma alibe mtima wopemphera. Mulungu sanapatse lamya ntchito yomtamanda. Anaipatsa inu ndi ana anu. Mukatha kuimba, gwadani munene mapemphero a madzulo, ndipo mudzagona ndi mtendere. Cecilia Woyera atipempherere ife tonse.