Kompyuta iwerenge magazi, koma iphunzire athu

Kwathu ndi kufupi ndi Fort Lister, pampata wa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ndipo malungo sitiwamvera pa wailesi ayi. Chaka chatha mng'ono wanga atadwala, tinadikira zotsatira za magazi mpaka dzuwa kupendeka. Bambo wa mu labu anali yekhayekha, diso pa maikulosikopu, kuwerenga tizilombo kamodzikamodzi.

Masiku ano kuli mapulogalamu a kompyuta omwe amaona chithunzi cha dontho la magazi, kujambula malire a selo iliyonse, n'kuloza yomwe mwalowa kachilombo ka Plasmodium. Ine ndikuti abwere. Ku yunivesite ya Makerere ku Uganda anayesa kale kumangirira foni pa maikulosikopu.

Nkhawa yanga ndi yoti pulogalamu imadziwa zokhazo zomwe inaonetsedwa. Zithunzi 27,558 zomwe ambiri amaphunzitsira mapulogalamuwa zinajambulidwa ku Chittagong ku Bangladesh. Nanga galasi la kuno, lagwa fumbi, utoto wa Giemsa sunagwire bwino? Kachitsotso ka utoto kangaoneke ngati kachilombo. Asanatibweretsere, ayambe ajambula magalasi a ku Phalombe konkuno, ndipo bambo aja ndiwo azivomereza zotsatira mwana asanayambe mankhwala.